Tileke Kupha Msilikali Wosafuna Malipiro

Pali chizoloŵezi chimene chazika mizu m'maofesi athu a zaulimi, ndipo nthaŵi yakwana yoti tichidzudzule poyera. Mlimi akangodandaula kuti mbozi zaloŵa m'munda, yankho limakhala limodzi: botolo la mankhwala. Malipoti amaŵerenga malita amene agaŵidwa, ngati kuti kuchuluka kwa mabotolo ndiko kuchuluka kwa chimanga m'nkhokwe. Koma munthu akatchula za timavu topha mbozi, akuluakulu ena amangoseka namati zimenezo ndi nthano za ophunzira. Kuseka kumeneku ndi umbuli, ndipo amene akulipira umbuliwo ndi mlimi wa kumudzi.

Tiyeni titenge kapuchi. Mtundu umene umasautsa kwambiri kumadera otentha, wotchedwa Chilo partellus, si wa kuno ayi. Kwawo ndi ku Asia, ndipo m'Afrika monse unayamba kuonekera m'Malaŵi muno cha m'ma 1930. Unabwera wokha, adani ake onse nkutsala kwawo. Nchifukwa chake unaswana popanda wouletsa. Gulugufe wake amaikira mazira pa masamba usiku, mbozi zikaswa zimadya kunsonga, kenaka zimaboola phesi nkuloŵa m'kati. Zikaloŵa m'menemo, thirani mankhwala mpaka dzuŵa kuloŵa, simuzipeza.

Amene amazipeza ndi kamavu kotchedwa Cotesia flavipes, kochepa ngati kanyerere, kosaluma munthu. Kakakazi kamatsata fungo la zitosi za mbozi, nkuloŵa pa chiboo chomwecho, nkuikira mazira pafupifupi 40 m'thupi mwa mboziyo. Kaŵirikaŵiri mbozi imakaluma nkukapha momwemo, koma ntchito imakhala itatha kale. Ana amadya mbozi kuyambira m'kati, natuluka nkuluka timatumba toyera m'phesimo. Mbozi imeneyo sidzakhalanso gulugufe. Kodi alipo mpope umene ungachite zotere?

Akatswiri a bungwe la ICIPE la ku Nairobi anakatenga timavuti ku Pakistan naatimwaza kugombe la Kenya mu 1993. Zaka zoyamba zinaoneka ngati zapita pachabe. Koma timavuto tinakhazikika, ndipo pomatha zaka za m'ma 1990 kapuchi anali atachepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, kwina ndi theka. Pambuyo pake tinamwazidwanso m'maiko ena, kuphatikizapo Mozambique, Zambia ndi Malaŵi. Ku Brazil eni minda ya nzimbe amaŵeta kamavu komweka m'nyumba zapadera ndi kukamwaza pa mahekitala oposa 3 miliyoni. Anthu amenewo ndi amalonda, sataya ndalama pa nthano.

Otsutsa amati njira imeneyi njochedwa, mlimi sangadikire. Nzoona, njochedwa, ndipo sitikubisa kuti ili ndi malire. Cotesia flavipes salimbana ndi kapuchi wa kumadera okwera, Busseola fusca. Ameneyo ali ndi mdani wake wa konkuno, Cotesia sesamiae. Sitikunenanso kuti mankhwala atayidwe onse. Ali ndi nthaŵi yake, pamene mbozi zikadali zazing'ono kunsonga ndipo mlangizi waŵerenga mapesi ogwidwa naona kuti pakufunikadi kuthira. Chimene tikukana ndi kuthira kwa chisawawa, kothira chifukwa mankhwala abwera. Kamavu kamayenda poyera pa tsamba, kapuchi ali m'linga mwake. Tsono mankhwala amayamba kupha ndani? Mlimi watulutsa ndalama yake kuti aphe bwenzi ndi kusiya mdani, ndipo chaka chamaŵa adzagula mabotolo aŵiri. Wogulitsa mankhwala sangadandaule nazo zimenezi.

Ntchemberezandonda zochokera ku America zitafika, zinthu zinafika poti Boma lilengeze za ngozi. Zinachitika mu Disembala 2017, pamene maboma 20 mwa 28 anatchulidwa kuti ali pa ngozi. Tonse tinathamangira mankhwala, ndipo pa nthaŵi ya moto palibe angatidzudzule. Koma mu 2019 akatswiri a CABI anatsimikiza kuti kamavu kena, Telenomus remus, kamene kamaikira m'mazira enieni a gulugufe wa mbozizi mbozi zisanaswe, kalipo kale ku Kenya, Niger, Benin, Côte d'Ivoire ndi South Africa. Palibe anakaitana, kanali kale pa ntchito.

Tsono inu a m'maofesi, inu otsogolera misonkhano m'midzi, funso tikukufunsani ndi ili: ndi alangizi angati m'dera lanu amene angang'ambe phesi nkuzindikira timatumba toyera tija? Ambiri akatiwona amati ndi mazira a chilombo, nauza mlimi kuti atenthe. Pokonza ndondomeko ya chuma ya chaka chamaŵa, ndalama yophunzitsira alangizi ndi yoŵetera timavu ilembedwe pa mzere wake, isabisale kunsi kwa mzere wa mankhwala. Ndipo lipoti la mlangizi lisamangonena malita amene anagaŵa. Lizinenanso mapesi amene anang'amba ndi zimene anapezamo.