Mbozi imodzi m'botolo ikwanira ana atatu

Makolo amene amaphunzitsa ana awo pakhomo amadandaula chinthu chimodzi kawirikawiri: wachisamba ali ndi zaka 13, wapakati 9, chitsirizira 5, nanga phunziro limodzi lingawakwane bwanji onsewa? Pa masamu dandauloli n'lomveka. Koma pa phunziro la tizilombo kusiyana misinkhu sikuvuta, bola kholo liyambire pabwalo, buku libwere pambuyo.

Poyamba ana awerenge miyendo. Chiwala, njuchi, nyerere, ngumbi, mphemvu ndi udzudzu zili ndi miyendo 6, ndipo thupi lake linagawika patatu: mutu, chifuwa ndi mimba. Miyendo ndi mapiko zimamera pachifuwa. Kangaude ndi chinkhanira zili ndi miyendo 8, choncho si za mtundu wa chiwala. Nkhanu ili ndi 10 mukawerengera ndi zopanira zake, pamene bongololo angotopetsa mwana wofuna kuwerenga. Zonsezi asayansi amaziika m'gulu lalikulu lotchedwa Arthropoda, ndipo zilibe mafupa m'kati. Zili ndi chigoba kunja ndi miyendo yopindika m'mfundo. Chigobacho sichikula limodzi ndi thupi, n'chifukwa chake zimafundula.

Wamng'ono awerenge ndi kujambula, wapakati asanje zimene zagwidwa m'magulu, wamkulu afotokoze chifukwa chake nkhanu ili pachibale ndi chiwala osati ndi chambo, chonsecho nkhanu ndi chambo zonse n'za m'madzi.

Komabe phunziro lokoma kwambiri ndi loweta mbozi. Nthawi ya dzinja pitani nawo m'munda wa chimanga, mukasuzumire m'kati mwa nsonga momwe muli zitosi zonga utuchi. Kumeneko kumabisala ntchemberezandonda, mbozi imene inachokera ku America n'kuonekera mu Africa mu 2016. Imadziwika ndi chizindikiro chonga chilembo Y chozondoka pamutu, ndi madontho anayi akuda cha kumchira. Ikani dothi pang'ono pansi pa botolo, masamba a chimanga aawisi pamwamba, kukamwa mumange kansalu. Botolo lililonse mbozi imodzi basi, chifukwa zikakula zimadyana, ndipo mwana wa zaka 5 sadzakukhululukirani akapeza yake yadyedwa.

Apa ntchito imadzigawa yokha. Wamng'ono ndiye wosintha masamba m'mawa uliwonse. Wapakati ayeze kutalika kwa mbozi ndi rula, alembe tsiku ndi zimene waona m'kope. Wamkulu mumutchere msampha: ngati mbozi idzasanduka kachilombo ka miyendo 6, bwanji ikuoneka ngati ili ndi miyendo yambirimbiri? Akayang'anitsitsa aona kuti 6 ya kutsogolo ndi yolimba, yosongoka, pamene ina ija ndi tizigwiriro tofewa timene tidzatha. Tsiku lina mbozi idzaleka kudya n'kulowa m'dothi, ana adzati yafa. Musawauze kanthu. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri mudzatuluka kagulugufe kotuwa kouluka usiku, kamene kamaikira mazira pamasamba a chimanga. Kutentha kukakhala kwabwino, ulendo wonse kuchokera pa dzira umatenga pafupifupi mwezi.

Wamkuluyo angasangalale kumva za Maria Sibylla Merian, amene anabadwira ku Frankfurt mu 1647. Anayamba kuweta mbozi za silika ali ndi zaka 13, nthawi imene anthu ambiri ankakhulupirira kuti tizilombo timangobadwa m'matope. Mu 1699 anapita ku Suriname, ndipo mu 1705 anatulutsa buku la zithunzi zosonyeza mbozi, chomera chimene imadya ndi gulugufe wake. Zida zake zazikulu zinali maso, pepala ndi kudekha.

Cholakwika chimene makolo ambiri amachita n'kusandutsa wamkulu mphunzitsi wa azing'ono ake tsiku ndi tsiku. Kuthandiza n'kwabwino, koma naye ayenera kukhala ndi funso lomuzunguza mutu, monga loti n'chifukwa chiyani mwana wa chiwala amabadwa wofanana kale ndi make pamene wa gulugufe amayamba wakhala mbozi.

Lamulo la chitetezo likhale limodzi kwa onse: chinkhanira, nankalizi, mavu ndi mbozi zaubweya sizigwiridwa ndi manja, amazivundikira ndi botolo. Ndipo kagulugufe ka ntchemberezandonda kakatuluka, ana akajambule n'kukayang'ana mokwanira, koma kasabwererenso kumunda, chifukwa kakazi kamodzi kamaikira mazira mazanamazana.