Mwana wa ku Shikabeta, werenga matumba a chimanga usanagule

Iwe mwana wathu amene watengedwa ku koleji, kaya ni ku Chalimbana, ku UNZA olo ku sukulu ya unamwino ku Mpanshya, wachita bwino. Koma usanakwere basi pa Great East Road, tikambeko za ndalama ili m'thumba mwako.

Ndalama iyo sinagwe kumwamba. Mu 2025 FRA inali kugula thumba la chimanga la 50kg pa K340. Manje ukaona foni ya K3,400 mu shopu ku Lusaka, usaone foni chabe. Ona matumba 10 amene amai ako analima, kupalira, kukolola, kutonola ndi kunyamula mpaka ku depoti. Chinthu chilichonse uzichifunsa: kodi ichi chizanithandiza kupasa mayeso, olo nifuna chabe anzanga anione?

Choyamba kugula ni nyali ya sola ndi power bank. Ukumbukira 2024, madzi atachepa ku Kariba, malaiti anali kupita maola 17 olo kupitilira pa tsiku. Mayeso sayembekeza ZESCO. Chachiwiri ni mbaula ndi kapoto. Unga, nyemba ndi nshawa nyamula kunyumba, chifukwa kugula ka pamela tsiku lililonse kudula kupambana thumba lathunthu. Usaiwale neti ya udzudzu, bulangeti ndi nsapato zolimba. Zovala za salaula zilibe manyazi, palibe mphunzitsi amene amapatsa mamakisi poona jekete.

Laputopu ni yofunika, koma osathamanga sabata yoyamba. Funsa ba chaka chachiwiri ngati kosi yako iifunadi. Yogwiritsidwapo kale ikwana, bola uyese batire ndi kiyibodi usanapereke ndalama. Mabuku nawonso osagula onse. Yamba ku laibulale, ena mugawane ndi anzako.

Zothawa nazo ni izi. Foni ya pa nkongole yolipira tsiku ndi tsiku, ukalephera kulipira amaitseka, ndipo pomaliza walipira kupitilira mtengo wake. Kubetcha mpira kwadya ndalama za rent za ana ambiri. Kaloba ndiye osayesa n'komwe: ukongola K500, mwezi ukatha atate ako agulitsa mbuzi.

Manje tikambe chilungamo, chifukwa kusunga ndalama kuli ndi malire. Bwanji mwana wa mlimi azigula malaiti ake ake kuti awerenge? Bwanji thumba la unga lilemera mtengo chonchi mu dziko limene ife tilima chimanga? Boma inabweza meal allowance mu 2023, icho sitikana. Koma nkongole za HELSB zimapita ku ana a m'mayunivesite a boma. Nanga mwana amene aphunzira unamwino pa koleji, uja amene mawa azatipatsa mankhwala pa kiliniki, adye chani? Ife tikuti thandizo ifike kwa iyenso.

Ndiye pali CDF. Mu 2025 constituency iliyonse inalonjezedwa K36.1 miliyoni, ndipo mu ndalama iyo muli ma bursary a sekondale ndi a maphunziro a ntchito za manja. Imwe makolo, funsani ba kansala ndi a komiti ya chitukuko ya wadi: ni ana angati a ku Shikabeta amene analandira? Maina awo awakhome pa sukulu ndi pa kiliniki kuti aliyense awerenge. Ndalama ya misonkho ni yanu, kufunsa si mlandu.

Iwe mwana wathu, mbali yako ni iyi: lemba mu kabuku ngwee iliyonse imene watulutsa, ndipo ndalama ya basi yobwerera nayo uiike pambali tsiku lomwe wafika. Amai ako akadzafunsa kuti matumba aja anapita kuti, uwaonetse satifiketi.