Kulowera Chaka Chatsopano mu Mzinda wa Eni: Mlendo Amusamale Ndani?

Masiku a pakati pa Khrisimasi ndi Chaka Chatsopano misewu yathu imadzaza mbali zonse ziwiri. Pamene ambiri ogwira ntchito m'tauni amapita kumudzi kukaona makolo, palinso gulu lina limene sitilikamba kawirikawiri, lolowera ku mzinda. Awa ndi ana a sukulu amene ali pa tchuthi, opita kwa amalume ku Kawale kapena ku Ndirande. Achinyamata amene agwira maganyu m'minda ya eni kuti apeze ya basi. Amayi okaona ana awo ku Lilongwe, ndi ena otsetsereka mpaka ku Joni. Onsewa amafuna kukalowera chaka kumene kuli magetsi, zoimbaimba ndi makombola. Palibe cholakwa pa chikhumbo chotere. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti mwa Amalawi 100 alionse, 16 okha ndi amene amakhala m'matauni. Choncho kwa ambiri a ife, mzinda ndi malo okachezako, ndipo usiku wa pa 31 Disembala ndi umodzi mwa mausiku amene timafunitsitsa kuuona.

Komabe zimene zakhala zikuchitika m'mizinda ina pa usiku umenewu zikutikakamiza kufunsa funso limene mabanja ndi miphakati yathu sizolowera kufunsa: kodi munthu wosadziwa mzinda, akalowa m'chikhamu cha anthu pakati pa usiku, amusamala ndani?

Zimene zidachitika kwa anzathu

Usiku wa pa 31 Disembala 2012 udabweretsa maliro m'mizinda iwiri ya mu Africa. Ku Abidjan, m'dziko la Côte d'Ivoire, boma lidakonza chionetsero cha makombola pafupi ndi bwalo la zamasewero la Félix Houphouët-Boigny, dziko litangotuluka kumene m'nkhondo yapachiweniweni. Chionetsero chitatha, m'bandakucha wa pa 1 Januwale 2013, anthu adapanikizana mu msewu wina wamdima pobwerera kwawo, ndipo oposa 60 adafa, ambiri mwa iwo ana ndi achinyamata. Mtsogoleri wa dzikolo, Alassane Ouattara, adalamula masiku atatu okhuza maliro. Usiku womwewo ku Luanda, likulu la dziko la Angola, anthu 16 adafera pa zipata za bwalo la Cidadela, kumene mpingo wa Igreja Universal do Reino de Deus udakonza mapemphero otsekera chaka. Anthu adabwera ochuluka kuposa amene bwalo likadatha kulandira. Boma lidaimitsa ntchito za mpingowo kwa masiku 60.

Patapita zaka ziwiri, pa 31 Disembala 2014, ngozi yonga yomweyi idagwa ku Shanghai, m'dziko la China, pa malo otchuka a m'mbali mwa mtsinje otchedwa Bund. Chionetsero cha magetsi chimene chinkachitikira pamalopo zaka zam'mbuyo chidali chitasamutsidwira kwina, koma ambiri sadamve za kusinthaku. Adakhamukira komweko monga mwa masiku onse, apolisi ali ochepa chifukwa akuluakulu sadayembekezere khamu lalikulu. Pa masitepe okwerera pamalo oonerera, okwera adakumana ndi otsika, ndipo anthu 36 adafa chaka chisadalowe. Akuluakulu ena a dera limenelo adachotsedwa pa maudindo awo.

Ku Kampala, m'dziko la Uganda, pa 1 Januwale 2023, anthu amene adali pa phwando la zoimbaimba m'nyumba ya masitolo ya Freedom City adauzidwa kuti atuluke panja akaone makombola. Onse adanyamuka nthawi imodzi kulowera pa njira yopapatiza. Anthu osachepera 9 adafa, ena mwa iwo ana.

Tikaika nkhani zinayizi pamodzi, tiona kuti mwina mudali phwando, mwina mapemphero, mwina chionetsero cha boma, koma gwero la imfa lidali lofanana: anthu ambiri, potulukira pochepa, ndi mphindi imodzi imene aliyense akufuna kusuntha. Akatswiri oona za makhamu amanena kuti anthu akapitirira 5 kapena 6 pamalo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, munthu sayendanso mwa kufuna kwake. Amangotengeka ngati chitsotso pa madzi osefukira. Ambiri safa chifukwa chopondedwa ayi, koma chifukwa chobanika, chifuwa chitapanikizika kotero kuti mpweya sungalowenso. N'chifukwa chake ana ndi anthu ochepa msinkhu ndi amene amayamba kugwa. Ndipo amene ali kumbuyo, posaona zimene zikuchitika kutsogolo, amangokankhabe osadziwa kuti akupha anzawo.

Ife Amalawi sitinganene kuti izi n'zakutali. Pa 6 Julayi 2017, tsiku lokumbukira zaka 53 za ufulu wodzilamulira, anthu 8, mwa iwo ana 7, adafera pa zipata za Bingu National Stadium ku Lilongwe, kumene kudali mpira wa pakati pa Nyasa Big Bullets ndi Silver Strikers. Zipata zidachedwa kutsekulidwa, khamu lidaunjikana, ndipo apolisi adaponya utsi wokhetsa misozi. Lidali tsiku lina ndi chikondwerero china, koma phunziro lake ndi lomwelo.

Mlendo ndiye amene ali pa chiopsezo chachikulu

M'khamu lotere onse ali pa ngozi, koma sali pa ngozi mofanana. Mwana wobadwira ku Ndirande amadziwa tinjira tachidule, amadziwa nthawi imene maminibasi amaleka kuyenda, ndiponso nyumba imene angagogode zinthu zikavuta. Mnzake wochokera kumudzi sadziwa chilichonse mwa izi. Amangotsata kumene anthu akulowera, poganiza kuti pamene pali ambiri ndiye pabwino. Akasiyana ndi amene adabwera nawo, nthawi zina sadziwa ndi dzina lomwe la dera limene akugona. Onjezerani pamenepo mvula ya mwezi wa Disembala, kuzimazima kwa magetsi, oyendetsa galimoto ataledzera, ndi akabaza othamanga mu mdima. Mtsikana wachilendo amene watsala yekha pa siteji usiku ali pa ngozi inanso imene kholo lililonse likuidziwa. Amene adakhalako ku Johannesburg amadziwanso mbiri ya dera la Hillbrow, kumene kwa zaka zambiri anthu ankaponya mabotolo ndi katundu wakale wa m'nyumba kuchokera pa mawindo a nyumba zosanjikizana usiku wolowera chaka. Eni dera ankadziwa misewu yoti aipewe, mlendo ankangodutsa.

Udindo woyamba uli m'manja mwa makhonsolo a mizinda, apolisi ndi okonza zochitika. Ngozi zonsezi zikadatha kupewedwa, ndipo mizinda ina idaonetsa njira. Ku London, kuyambira mu 2014, woonerera makombola a m'mbali mwa mtsinje wa Thames ayenera kukhala ndi tikiti, ndipo matikitiwo amakhala pafupifupi 100,000 basi. Ku New York, kumene mwambo wotsitsa mpira wowala pa Times Square udayamba mu 1907, apolisi amagawa anthu m'timagulu totchingidwa ndi mipanda yachitsulo, ndipo malo akadzaza amawatseka. Sitikunena kuti Lilongwe, mzinda wa anthu pafupifupi 990,000 malinga ndi kalembera uja, kapena Blantyre, wa anthu oposa pang'ono 800,000, achite zonse zimene London amachita. Koma kuwerenga anthu olowa, kutsekula zipata zonse nthawi yabwino, kuika magetsi potulukira ndi kuletsa wolengeza kudzutsa khamu lonse nthawi imodzi, sizifuna ndalama zambiri. Zimafuna munthu woganiziratu zinthu zisadachitike, pakuti chakudza sichiimba ng'oma.

Ifenso a Mpingo nkhaniyi ikutikhudza, ndipo za ku Luanda tisazione ngati za mpingo wina chabe. Mapemphero a usiku wolowera chaka achuluka m'mizinda yathu, m'matchalitchi, m'maholo ndi m'mabwalo. Mpingo wathu uli ndi mwambo wake wakale wothokoza Mulungu ndi nyimbo ya Te Deum pa 31 Disembala, ndipo pa 1 Januwale timachita chaka cha Maria Woyera, Amayi a Mulungu, limenenso ndi Tsiku Lopempherera Mtendere pa Dziko Lonse, monga adakhazikitsira Papa Paul VI kuyambira mu 1968. Cholinga chopatulika sichikulitsa khomo la tchalitchi. Bungwe la parishi liyenera kudziwa kuti nyumba yathu imalandira anthu angati, kuti makomo a m'mbali ndi otsekula, kuti magetsi akazima pali matochi, ndiponso kuti akhristu abwerera bwanji kwawo mapemphero akatha. Parishi imene ili m'dera lovuta kuyendamo usiku ingachite bwino kuthokoza Mulungu madzulo kukadali kowala. Mulungu salandira pemphero chifukwa choti lanenedwa nthawi ya 12 koloko.

Phunziro la ku Taizé

Pali chitsanzo china chimene chimaonetsa kuti n'zotheka kulandira alendo zikwizikwi mu mzinda waukulu pa nyengo yomweyi popanda kuwataya m'chikhamu. Gulu la abale a ku Taizé, m'dziko la France, limene adaliyambitsa Brother Roger mu 1940, lakhala likusonkhanitsa achinyamata a ku Ulaya mu mzinda umodzi waukulu kumapeto kwa chaka kuyambira mu 1978. Msonkhano umayamba pa 28 Disembala n'kutha pa 1 Januwale. Wa mu 2012 udachitikira ku Rome, kumene Papa Benedict XVI adapemphera nawo pa bwalo la Petulo Woyera. Wa mu 2023 udali ku Ljubljana, ndipo wa mu 2024 ku Tallinn. Chofunika kwa ife ndi m'mene amalandirira alendowo. Wachinyamata akafika amatumizidwa ku parishi, ndipo parishi imamupereka ku banja limene ladzipereka kumusunga. Usiku wa pa 31 Disembala sasonkhana onse pa bwalo limodzi. Aliyense amakhala ku parishi imene idamulandira, kupempherera mtendere, kenako kuimba ndi kuvina nyimbo za kwawo. Pa 1 Januwale amadya chakudya cha masana ndi banja lomusunga. Motero mlendo aliyense ali ndi wina amene akudziwa dzina lake ndipo angazindikire akasowa.

Ife tili kale ndi zipangizo zochitira zomwezi, ndizo miphakati. Katekisiti wa kumudzi amadziwa achinyamata amene akunyamuka kupita ku tauni. Sikovuta kuwauza dzina la parishi ya kumene akupita ndi kulemba kakalata kowadziwitsa kwa atsogoleri a kumeneko. Mphakati wa m'tauni, pa msonkhano wake wotsiriza wa chaka, ungafunse mabanja kuti ndani ali ndi alendo, ndi kukonza kuti achinyamata ayende pamodzi ndi munthu wamkulu. Amene walandira mwana wa mbale wake akumbukire kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe: amulembere pa pepala dzina la dera ndi nambala ya foni, amuonetse malowo kukadali masana, ndipo agwirizane pamene akakumane ngati atasiyana. Mlendo nayenso asachite manyazi kufunsa, pakuti safunsa adadya phula. Akalowa pamalo aone kaye potulukira. Akaona kuti sangathenso kukweza manja momasuka, achoke nthawi yomweyo polowera m'mbali. Ndipo chionetsero chikatha adikire pang'ono khamu lichepe. Ana ang'ono asatengeredwe konse kumalo otere usiku.

Mthenga Wabwino wa Luka Woyera, mutu 2, umene timaumva pa chaka cha Banja Loyera m'zaka zina, umatikumbutsa kuti ngakhale Maria ndi Yosefe, anthu a ku Nazarete, adasiyana ndi mwana wawo wa zaka 12 ku Yerusalemu pa nthawi ya chikondwerero, poganiza kuti ali ndi abale a pa ulendo. Adamupeza patapita masiku atatu. Makolo a ku Abidjan, a ku Kampala ndi a ku Lilongwe kwathu kuno adapeza ana awo m'nyumba zachisoni. Tisadikire kuti maliro ena atiphunzitse. Chaka chino, mabasi asadayambe kudzaza, banja lililonse, mphakati uliwonse ndi bungwe la parishi iliyonse akhale pansi ndi kugawana ntchito, kuti amene wapita kukalowera chaka ku mzinda abwerere kwawo ali moyo, akasimbe zimene adaona.