Mwana wa atachimenti msiyeni aphunzire yekha njira za m'tauni

Kumayambiriro kwa Juni mlongo wanga anandiimbira foni kuchokera ku Ntchisi. Mwana wake wamkazi, amene akuphunzira zowerengera ndalama kukoleji, anali atapeza malo a atachimenti kwa miyezi itatu pa ofesi ina ya mumsewu wa Victoria Avenue muno mu Blantyre. Pempho lake linali limodzi lokha: "Achemwali, mwanayo asamayende yekha, m'tauni ndi moopsa." Ndinavomera ndi mtima wonse. Lero ndikunena poyera kuti lonjezo limenelo linali lolakwika, ndipo ambiri a ife amene timasunga ana otere timawalakwira m'dzina la chikondi.

Sabata ziwiri zoyambirira ndinachita monga ndinalonjezera. M'mawa uliwonse, chiperoni chili kuwaza, tinkakwera limodzi minibasi ku Chilomoni. Ndalama kwa kondakitala ndinkapereka ndine, potsikira ndinkanena ndine, madzulo ndinkakamudikira pakhomo pa ofesi. Loweruka ankachapa n'kukhala pakhonde ndi foni. Mtsikana wa zaka 21, wokhoza masamu kuposa tonse pamtundu pathu, sankadziwa ngakhale dzina la siteji imene ankatsikirapo tsiku ndi tsiku.

Lachinayi lina abwana ake anamutuma ku Limbe kukasiya makalata. Popita anakwera ya Highway, anadutsa pa Ginnery Corner ndi pa Chichiri n'kufika bwinobwino. Pobwerera, oitanira akumukuwira uku ndi uku, anangolowa minibasi imene inali pafupi kudzaza. Inali ya ku Ndirande, ndipo foni yake inali itatha moto. Ine ndinaima pakhomo pa ofesi mpaka mlonda kutseka geti, mtima uli m'mwamba, ndikuganiza zimene ndikamuuze mlongo wanga.

Ndinakamupeza kunyumba atatereka kale madzi a nsima. Anandifotokozera kuti atatsika pamsika wa Ndirande misozi inalengeza, koma anapita kwa mayi wina wogulitsa tomato n'kumufunsa njira. Mayiyo anamugwira paphewa namutembenuza: "Mwanawe, muno anthu sitisochera. Ili pamwamba pakoli ndi phiri la Ndirande, ilo ndi la Soche, ndipo kwanu ku Chilomoni ndi kunsi kwa Michiru uko." Kenaka anamulozera poima minibasi za m'tauni. Mtsikanayo anandiyang'ana nkhope ikuwala, nati: "Azakhali, ndinasochera, koma njira ndaipeza ndekha. Mawa musandiperekeze."

Usiku umenewo ndinazindikira kuti mayi wa tomato uja anamuphunzitsa kwa mphindi zochepa zimene ine ndinamumana kwa sabata ziwiri. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma mwana angaphunzire bwanji kufunsa ngati nthawi zonse pali womufunsira?

Timaganiza kuti atachimenti imathera pa desiki: kulemba ma risiti, kusunga mafailo, kuphunzira kompyuta. Zimenezo n'zofunika, koma ntchito ya mawa idzafunanso munthu wodziwa kufika kubanki ndi kumaofesi a boma popanda womugwira dzanja, wodziwa kuwerengera kuti kuchoka ku Limbe kufika m'tauni nthawi yoweruka kumatenga nthawi yotani, wotha kukambirana mtengo ndi wakabaza, wotha kulankhula ndi mlonda komanso bwana mwaulemu wofanana. Izi sizilembedwa pa satifiketi, komabe olemba ntchito amaziona msanga. Abwana ake ataona kuti mtsikanayu akumabwerako msanga, anayamba kumutuma ntchito zikuluzikulu.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ankasankha malo amodzi okaona. Anayambira ku Museum ya pa Chichiri, kumene anakaona sitima yakale imene ili panja. Anapita ku Mandala House, nyumba ya mu 1882 ya kampani ya African Lakes, n'kukwera m'mwamba momwe muli laibulale ya Society of Malawi. Anabwerako akundisimbira kuti dzina loti Mandala linachokera ku magalasi a m'maso a John Moir wa kampaniyo. Anafikanso ku Chilobwe, kunsi kwa phiri la Soche, kukaona kumene matope a namondwe wa Freddy anakokolola nyumba ndi anthu mu Marichi 2023. Tsiku limenelo anabwerako ali chete, ndipo atadya anandifunsa chifukwa chimene anthu amamangira m'mphepete mwa phiri. Tinakambirana za lendi, za kusowa kwa malo ndi za malipiro ochepa mpaka usiku. Phunziro lotere la zachuma sakanalipeza m'kalasi.

Loweruka lina anati, "Azakhali, lero ndikuperekezani ndine." Ananditengera ku tchalitchi cha St Michael and All Angels pa Blantyre Mission. Ndakhala ndikudutsa pamenepo kwa zaka zambiri, koma ndi iye amene anandiimika kuti ndiyang'anitsitse njerwa zake zoumbidwa mosiyanasiyana. Anandiuza kuti chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, motsogozedwa ndi mbusa David Clement Scott amene sanaphunzirepo zomangamanga, pamodzi ndi anthu akuno amene ankaphunzira ntchitoyo ali mkati moigwira. Tinaima pamenepo tikuyang'ana nyumba imene yakhala zaka zoposa 130, yomangidwa ndi anthu amene anawalola kuyesa.

Sindikunena kuti mantha a mlongo wanga ndi opanda pake. Opisa m'matumba alipo, makamaka m'misika ndi m'madepoti. Alipo amuna amene amaona mtsikana wachilendo ngati nyama yogwidwa kale. Usiku m'njira zina simuyendeka. Koma kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 800,000 mumzinda uno, ndipo ochuluka mwa iwo ndi onga mayi wa tomato uja. Mwana amene sanayendepo yekha ndiye amagwa msanga m'manja mwa akuba, chifukwa nkhope yake imaonetseratu kuti ndi mlendo. Tinagwirizana malamulo ochepa: kunena kumene akupita, kufika pakhomo kusanade, kusunga ndalama yobwererera pamalo ena osati m'chikwama, kulemba nambala yanga papepala, ndiponso kufunsa njira kwa amayi ogulitsa malonda kapena m'sitolo. Ndi zimenezo ndinamumasula.

Mawu anga ena apite kwa makampani ndi maofesi amene amalandira ophunzirawa. Ambiri amawagwiritsa ntchito osawapatsa ngakhale ya minibasi. Mwana wa makolo osauka amayenda wapansi m'mawa ndi madzulo, nkhomaliro osadya, ndipo Loweruka sangalote n'komwe zokaona malo. Kandalama ka thiransipoti sikangagwetse kampani. Muwatumenso kunja kwa ofesi, muwakhulupirire ndi kalata yokasiya, chifukwa mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa ndipo mwina wantchito wanu wa mawa ndi ameneyo.

Kumapeto kwa Ogasiti mlongo wanga anabwera kudzamutenga. Basi inamutsitsa pa Wenela, ndipo amene anakamuchingamira ndi mwana wake yemweyo, yekha. Anamunyamulira chikwama, anasankha minibasi, analipira kondakitala n'kuwerenga chenji. Atafika kunyumba mlongo wanga anandifunsa ngati ndinasunga lonjezo lija. Ndinamuuza zoona, kuti ndinalisunga sabata ziwiri zokha. Anayang'ana mwana wake kwa kanthawi, kenaka anamufunsa kuti mawa akamuonetse tchalitchi cha njerwa chija asanakwere basi yobwerera ku Ntchisi.