Za Kuno ndi za Kutali: Dzina Lolembedwa pa Wotchi

Mwezi uno tifuna kukamba za kanthu kakang'ono kamene ambiri a inu mudakaona pa mkono wa atate anu kapena wa atsibweni anu, ndiko wotchi yolembedwa Seiko 5. M'midzi ya kuno ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi, kuyambira ku Nambuma kufikira ku Mpherere, akuluakulu alidziwa bwino dzinali. Koma ngochepa amene adziwa mwini wake, ndi chimene iye adachita kuti anthu alikhulupirire chotere.

Makolo athu adali nazo zowauza nthawi: tambala woyamba ndi wachiwiri, nthanda ya m'bandakucha, dzuwa la paliwombo, ndi kulowa kwa nkhuku. Pambuyo pake padadza belu la pa mishoni ndi la pa sukulu. Tsono wotchi ya pamkono idafika makamaka ndi amuna amene adanka kukagwira ntchito ku Harare ndi ku migodi ya ku Johannesburg. Pobwera kwawo adasenza masutikesi, mabulangete, wayilesi ndi njinga, ndipo pa mkono padali kanthu konyezimira kosonyeza kuti munthuyo sadapitire pachabe. Ulendowo udali ndi misozi yakenso: pa 4 April 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown, nafa Amalawi 74. Boma lidaletsa kulemba anthu kufikira 1977, ndipo mu 1988 njirayo idatsekeka. Ena adagula wotchi yawo kuno komwe, atagulitsa fodya. Onsewa adaigula ndi thukuta, chifukwa chake adafuna chinthu chosawanyenga.

Nanga dzinali lidachokera kuti? Ku Tokyo, m'dziko la Japan, kudabadwa mwana dzina lake Kintaro Hattori m'chaka cha 1860. Ali ndi zaka 13 adayamba kuphunzira ntchito kwa munthu wogulitsa ndi kukonza mawotchi, ndipo mu 1881 adatsegula kasitolo kakekake. Poyamba adangokonza ndi kugulitsa zopanga anthu ena. Mu 1892 adayamba nyumba ya ntchito yotchedwa Seikosha, napanga mawotchi a pakhoma. Mu 1895 adatulutsa ya m'thumba. Ndipo mu 1913 adapanga Laurel, imene idali wotchi ya pamkono yoyamba kupangidwa m'Japan. Taonani, zaka 32 zidapita kuyambira pa kasitolo kaja kufikira pamenepa. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

Tsono mverani chimene chidaoneka pa 1 September 1923. Amene akumbuka chivomezi cha ku Salima cha 1989 adziwa mantha a nthaka yogwedezeka. Koma cha ku Tokyo chidali choposa kutalitali, pakuti chidadza nthawi ya masana anthu ali kuphika, moto nubuka mumzinda, ndipo adafa anthu oposa 100,000. Nyumba ya ntchito ya Hattori idapsa, sitolo yake idapsanso. M'motomo mudathera mawotchi ngati 1,500 amene eni ake adamsungiza kuti awakonze.

Kodi ndani akadamzenga mlandu? Motowo sadauyatse ndiye. Akadatha kutambasula manja nanena kuti tsoka lagwera tonse, ndipo aliyense akadamvera chisoni. Koma nkhalambayo, ya zaka zoposa 60, yotaya chuma cha moyo wake wonse tsiku limodzi, idalengeza kuti yense amene adasungiza wotchi adze adzalandire ina yatsopano. Chaka chotsatira, 1924, idatuluka wotchi yoyamba yolembedwa Seiko, ndipo anthu adaigula podziwa mtima wa mwini wake. Hattori adamwalira mu 1934, ntchito nitsala m'manja mwa ana ake.

Zotsatira zake tingozitchula mwachidule. Mu 1964 mawotchi a Seiko ndiwo adayesa nthawi pa masewera a Olympic ku Tokyo. Pa 25 December 1969 adatulutsa Astron, wotchi ya pamkono yoyamba yoyendera batire ndi kamwala kotchedwa quartz. Mtengo wake udali 450,000 yen, wolingana ndi wa galimoto. Zaka zitapita pang'ono mtengo wa mawotchi otere udatsika kwambiri, kotero kuti amisiri ambirimbiri a ku Switzerland adataya ntchito.

Koma yathu ija ya Seiko 5, imene idayamba mu 1963, siidya batire ayi. M'kati mwake muli kachitsulo kolemera kokhala ngati mwezi wa theka. Mkono ukagwedezeka kamazungulira nikakunga sipuling'i, sipuling'iyo niyendetsa timagudumu. Motero munthu wogwira khasu kapena wopalasa njinga pa chitunda cha ku Ntchisi amaidyetsa ndi ntchito yake yomwe, ndipo akaivula naisiya masiku awiri imaima. Eni ake amati nambala 5 iimira zinthu zisanu: kudzikunga yokha, kusonyeza tsiku la sabata ndi la mwezi, kusalowa madzi msanga, kachitsulo kosinthira nthawi kobisika pafupi ndi nambala 4, ndi thupi lolimba. Kumudzi kumene batire lidali kutali ndi sitolo, zimenezi zidali zamtengo.

Dzina labwino likopa akuba. M'misika mumapezeka mawotchi olembedwa Seiko amene sadaone dzanja la mmisiri wa Seiko ndi kamodzi komwe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wofuna kugula ayang'ane muvi wa masekondi: pa wotchi yodzikunga umayenda mosadukiza ngati ukukwawa, pamene pa ya batire umadumpha kamodzi pa sekondi. Ngati pankhope palembedwa mawu akuti Automatic koma muviwo uli kudumpha, bwezani ndalama zanu m'thumba.

Masiku ano ana athu ayang'ana nthawi pa foni, ndipo okonza mawotchi atsala owerengeka. Koma nkhani ya Hattori siidathe ntchito, pakuti kusungiza kukalipo. Pa Mponela, pa Madisi, pa Boma la Ntchisi, tsiku ndi tsiku anthu asiya katundu wawo m'manja mwa ena: nsalu kwa atelala, njinga kwa amakanika, foni kwa wokonza, thumba la chimanga ku chigayo. Ndipo tonse tidamvapo mayankho ake chinthu chikasowa: akuti mubwere mawa, akuti mnyamata ndiye adasokoneza, akuti mbala zidathyola usiku. Kapena mbalazo zidathyoladi. Komabe mayi amene adasiya nsalu ya ukwati wa mwana wake sadasungize mbala, adasungiza inu.

Tidziwa kuti mmisiri wa kuno alibe chuma chobwezera zinthu 1,500. Koma akhoza kulemba m'kabuku chilichonse chimene walandira, ndi dzina la mwini wake ndi tsiku lake. Akhoza kunena zoona msanga, osadikira kuti mwini katundu atope ndi maulendo. Akhoza kupangana naye pamaso pa mboni kubweza pang'onopang'ono, ngakhale kufikira nyengo yokolola. Adzataya ndalama chaka chimenecho, inde; koma anthu a m'midzi yozungulira adzauzana pa chitsime ndi pa maliro kuti uje sabisa, ndipo adzapitirira makonde a ena kudza pa khonde lake.

Inu makolo amene muli kutuma ana anu kukaphunzira umisiri, auzeni nkhani iyi madzulo ano. Ndipo ngati m'sutikesi ya agogo mukali wotchi yakale ija, itulutseni, muigwedeze pang'ono ndi kuiika kukhutu. Kawirikawiri idzayamba kuyenda.