Mawu a Katekisti: Mileme ndi Chiwewe

Lamulungu lapitali mwana wina wa mu Mphakati wathu anandionetsa mleme m'manja mwake, ndipo mtima wanga unagunda. Mleme wogona pansi masana ungakhale wodwala, musaugwire. Komabe kuno ku Chadiza, monga m'Africa monse, chiwewe chimafika kwa anthu makamaka kudzera mwa galu. Nchifukwa chake agalu ndi amphaka athu azilandira katemera chaka ndi chaka.

Wina akalumidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Katemera amene Louis Pasteur adayamba mu 1885 amapulumutsa, koma zizindikiro zikangooneka, kuchira kumakhala pafupifupi kosatheka.

Mileme musaiphe: ina imadya tizilombo, ina imafesa njere za mitengo. Nayonso adailenga ndi Mulungu.