Makampani a mbewu athandize maphunziro osunga mitundu ya zomera

Mbewu iliyonse ya haibulidi imene timagulitsa ili ndi makolo ake. Chimanga chopirira chilala ndi nyemba zosagwidwa msanga ndi matenda zimachokera ku mitundu yakale imene alimi akhala akusunga m'nkhokwe ndi m'zikwatu. Mitundu imeneyi ikatha, akatswiri opanga mbewu adzasowa poyambira.

Chigawo chathu chili ndi nkhokwe ya mbewu ya SADC ku Chalimbana, pafupi ndi Lusaka, ndipo dziko la Malawi lili ndi yake ku Chitedze. Komabe mafiriji paokha sangasunge mbewu. Pamafunika anthu odziwa kutolera mapira, mawere ndi nzama m'midzi, kuyesa kameredwe kake ndi kuzibzalanso zisanafe. Pamafunikanso odziwa malamulo, pakuti pangano la mayiko lokhudza mbewu la 2001 ndi pangano la Nagoya la 2010 amafuna kuti phindu lochokera ku zomerazi ligawidwe mwachilungamo.

Anthu otere amasulidwa m'mayunivesite monga LUANAR ndi University of Zambia. Choncho makampani athu azilipirira ophunzira a maphunzirowa ndi kuwatsegulira minda yoyeserera mbewu. Tikanyalanyaza, tidzakhala tikuumitsa chitsime chimene malonda athu omwe amatungamo.